Ana a Kuseri kwa Sitolo

Kwa Mponda, Mangochi
12 Malichi 1979

Ajira mlongo wanga,

Asalamu aleikumu. Kuno tilipo, kaya iwe kumeneko. Amayi akupereka moni. Mwendo wawo uja uli chimodzimodzi.

Moni sindichulutsa chifukwa mtima wanga suli m'malo. Unachoka pano ukuti wapeza malo ophunzira kusoka ku Limbe, ine n'kukunyamulira sutikesi mpaka pa basi. Lero kondakitala wa basi ya ku Blantyre wandiimitsa pamsika, anthu ali pomwepo, n'kunena kuti, "Mlongo wako ndamuona akuyanika zofunda kunyumba kwa bambo anu." Anthu aseka. Ine ndayankha kuti tilibe bambo.

Ndiuze kuti ndi bodza. Ngati waiwala, ndikukumbutse. A Harilali anatiberekera kuseri kwa sitolo yawo, m'kanyumba kosungiramo matumba a mchere. Atafika mkazi wawo wa ku India, amayi anapatsidwa nsalu ziwiri n'kuuzidwa kuti abwerere kwawo. Iwe unali kumsana, ine ndinkayenda ndekha. Kuyambira pamenepo tikalowa m'sitolo muja ankatigulitsa sopo monga ankagulitsira wina aliyense. Chaka chatha, boma litalamula kuti amwenye asamukire m'mizinda, ndinaima panjira lole yawo ikudutsa. Anandiona. Anatembenukira kumtsinje.

Sitolo ija pano ili m'manja mwa tcheyamani wa chipani, ndipo anyamata ake akandiona amafunsa kuti, "Nanga iwe kaladi, lole inakusiya bwanji?" Zina sindilemba, ukudziwa mmene makalata amayendera masiku ano. Nkhope ya munthu ameneyo ndikuisenza ine tsiku ndi tsiku, ndiye iwe ukamchapire zofunda?

Yankha msanga. Amayi sindinawauze.

Ndine mlongo wako,
Jaffalie

*

Limbe
2 Epulo 1979

Achimwene,

Waleikumu salamu. Ndili bwino. Muwapatse moni amayi, muwauze kuti asasiye kumwa mankhwala.

Kondakitala sananame. Kusoka ndikuphunziradi, m'mawa. Kumeneko kumabwera mtsikana wachimwenye, dzina lake Kanta, kudzasiya nsalu zoti tipinde. Anakulira ku Monkey Bay ndipo Chichewa amayankhula ngati ife. Atamva kuti kwathu ndi kwa Mponda anandikokera pambali n'kufunsa, "Ndiwe mwana wa Esime? Kwathu aliyense amakudziwani, koma palibe amene amakutchulani." Bambo ake ndi mng'ono wawo wa a Harilali.

Iye ndiye anandiuza kuti mkuluyo anagwa atangofika kuno, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Sayenda, sayankhula. Mkazi wawo ndi ana anali atatsogola kale ku Mangalande, makolo a Kanta nawonso, ndipo Kanta anamusiya kuti aziwayang'anira mpaka wina adzabwere kudzawatenga. Ali yekha m'nyumbamo ndi munthu wolemera ngati thumba la mpunga.

Ndikuuzani zoona. Ndinapita kuti ndikawaone atagona m'mikodzo. Ndinkafuna ndione, ndiseke, ndikulembereni kuti musekenso. Ndinawapezadi momwemo. Kuseka kunandikanika, koma chisoni sindinamve ayi. Kanta anangoti, "Gwira miyendo." Ndinagwira. Mawa lake ndinapitanso, ndipo tsopano ndimagona komweko.

Musaganize kuti ndawakhululukira. Ndikufuna chinthu chimodzi. Pakamwa popindikapo patuluke dzina langa, anene kuti ndine mwana wawo. Akanena, ndinyamula sutikesi tsiku lomwelo.

Inu musandikalipire ngati ndinu woyera mtima. Panjira paja munkadikira chiyani? Musandinamize kuti munkaonerera lole.

Ndine mlongo wanu,
Ajira

*

Kwa Mponda
29 Epulo 1979

Ajira,

Moni. Tilipo. Mwendo wa amayi uli chimodzimodzi.

Za lole zija usadzandilemberenso. Njira ndi ya boma, aliyense amaimapo.

Amayi amva. Sindinawauze ine, awauza anzawo obwera kudzawazonda. Tsiku limenelo sanadye.

Pano nkhani yako ili pawiri. Ena akuti ndiwe wochenjera, ukudikira kuti mkuluyo afe utenge nyumba ya ku Limbe. Ena akuti walowa chipembedzo cha amwenyewo, Abaniyani, ukugwadira zifaniziro, ndipo nsomba unasiya. Lachisanu titatuluka mumzikiti a shehe anandiitana kundifunsa ngati ukadaswali. Ndinangoyang'ana pansi ngati wolakwayo ndine. Achibale a Wadi, amene anabwera ndi ulemu wonse kudzakufunsira mbeta, moni wawo wayamba kuzizira. Wadi mwini wake wasiya kudutsa pakhomo pano.

Ine sindikudziwa chimene chingandipweteke pang'ono, kuti ukhale wakuba kapena chitsiru. Wakuba amabwerako ndi kanthu. Iwe ukuyembekeza mawu kwa munthu amene anali ndi lilime lathunthu zaka zonsezi osawanena. Anene lero, lilime litafa?

Ramazani isanayambe ukhale uli pano.

Jaffalie

*

Limbe
17 Juni 1979

Achimwene,

Moni nonse. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinkadikira kuti mkwiyo utsike. Sunatsike.

Auzeni a shehe kuti ndimaswali. Nsomba ndimakadyera kwa mnzanga wosoka naye, chifukwa m'nyumba muno salowetsa. Nyumbayonso ndi yalendi, auzeni owerengera chuma cha eni akewo.

Zimene anthu aona n'kupotoza ndi izi. Lamlungu m'mawa mayi woyandikana nafe amatsala ndi wodwala, ine n'kumuperekeza Kanta kukachisi kwawo. Kumeneko achinyamata amaphika mpunga ndi nyemba zokagawira odwala a kuchipatala amene alibe owadikirira. Ntchito yotere amaitcha seva. Ine m'kati sindilowa, ndimakhala pakhonde n'kumasankha mpunga. Asanayambe kuphika mkulu wina amawaphunzitsa pabwalo, Kanta n'kumandimasulira. Chiphunzitso chake n'chakuti munthu agwire ntchito imene yamugwera ndi mtima wake wonse, koma asaike mtima pa chimene idzabale, kaya kuthokozedwa, kaya dzina labwino. Akuti ukayamba kudikira zimenezo, ntchitoyo yakumanga.

Zinandikwiyitsa. Pobwerera ndinamuuza Kanta kuti, "Kwa iwe n'zosavuta. Dzina la bambo ako unalipeza uli m'chikuta. Okhuta ndi amene amaphunzitsa anjala kuti asamaganize za chakudya."

Iye anati, "Ndiye iwe ukugulitsa. Ukuwasambitsa kuti akulipire ndi mawu. Ndiwe mwana wawo ndithu, wa m'sitolo."

Titafika ndinamuponyera lichero. Sitinayankhulane mpaka nthawi yowatembenuza a Harilali, chifukwa munthu mmodzi sangathe.

Pambuyo pake ndinadziwa kuti naye ali ndi mnyamata womudikira ku Mangalande, ndipo a kwa mnyamatayo alemba kuti sadikira mpaka kalekale. Amaphwanya mbale, amakalira kubafa, akatero n'kubwera kudzawapukuta malovu bambo ake aakuluwo. Chiphunzitsochi nayenso chikumukanika. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye akuyesa.

Tsopano mvetserani. Sabata yatha lilime lawo linamasuka pang'ono. Ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esime." Kenako anapempha madzi m'Chiyao, chija cha kwathu chenicheni. Ndinathamangira panja. Si dzina langa, koma layandikira. Pamenepa muwawerengere amayi.

Ajira

*

Kwa Mponda
15 Julayi 1979

Ajira,

Moni. Tilipo.

Pamene unati ndiwawerengere amayi paja sindinawerenge, ndipo sindiwerenga. Dzina lawo si nsanza yoti munthu apukutire pakamwa akadwala.

Za seva zakozo ndawerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinakwiya kuposa koyamba. Mufunse mkulu wa kukachisiyo kuti chiphunzitso chimenechi chinali kuti pamene amayi ankayenda wapansi kuchokera ku boma ndi mwana kumsana? Amene anawathamangitsa sankachidziwa? Zithunzi za milungu yawo zinali pakhoma pa sitolo, ndipo m'mawa uliwonse ankazifukizira lubani. Ndinkamva fungo lake ndili panja. Mlovi akaponya khoka amafuna nsomba, ndipo sachita nazo manyazi. Okhawo amene nsomba zimawapeza pambale ndi amene anganene kuti usaziganizire.

Ankhoswe a Wadi anabwera. Akuti ukapanda kufika pa Idi, iwo aona kwina. Ndinawauza kuti ubwera. Usandisandutse wabodza.

Jaffalie

*

Kwa Mponda
12 Ogasiti 1979

Ajira mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi Awa, mwana wa achemwali anga, ine ndikungonena. Moni. Ngati ukudya bwino, zikomo.

Pepala lako limabwera lodzaza mbali zonse, koma mlongo wako akamawerenga limatha ndisanakhazikike n'komwe. Sindinapite kusukulu koma maso ndili nawo. Ndiye ndinamuitana Awa, wandiwerengera makalata onse.

Ukuti mkuluyo watchula dzina langa, iwe n'kuthamangira panja. Mwana iwe, amafuna madzi. Kale ankalitchula choncho: Esime madzi, Esime malaya, Esime tseka chitseko. Dzina limenelo ndinalimva mpaka kutopa nalo, ndipo silinandilowetsepo m'sitolo muja kudzera pakhomo la kumaso.

Ukusambitsa amene anakutaya, ine amene ndinakusenza ndikuwolera pano. Jaffalie amakulembera kuti mwendo uli chimodzimodzi. Ndi bodza. Bala lakwera mpaka pakatumba, likununkha, anzanga aja anasiya kulowa m'nyumba, amapereka moni ali pabwalo. Sindiponda pansi. Amene amanditsuka ndi iye. Anasiya bwato la eni ake ku Malombe mwezi wa Epulo, pano amangokhala pakhonde kusoka maukonde a anthu kuti asatalikire. Kuchipatala amandikankha panjinga. Kuchimbudzi amandibereka kumsana, mwana wamwamuna, zinthu zosayenera kuti aone. Ramazani ino iye akufunga, sadya tsiku lonse, koma amandiphikira masana. Anandiletsa kukuuza, akuti ukabwera chifukwa cha manyazi udzatida tonse.

Ndimamutukwana. Akaweramira bala langa ndimaona paliwombo pa bambo ake, makutu omwewo, ndiye mawu amangotuluka. Iye sandiyankha, amatukwana ntchentche ndi bandeji. Awa, usalembe ngati ndikumuyamikira. Manja ake ndi okhakhala ndipo phala amapsereza. Ine ndikufuna mwana wanga wamkazi.

Zimene akuphunzitsani Abaniyaniwo sindikuzidziwa. Koma ngati akuti munthu agwire ntchito imene yamugwera, afunse kuti yako inagwera kuti.

Mayi ako,
Esime

*

Limbe
9 Seputembala 1979

Amayi ndi achimwene,

Moni. Kalata iyi awerenge Awa, yonse.

Kalata ya amayi yandipeza Idi itadutsa kale. Inafikira kosokera kuja, n'kukhala m'kabati mwini wa malowo ali ku maliro kwawo. Ndikanaiona msanga sindikudziwa chimene ndikanachita, ndipo sindinama kuti ndikudziwa. Achimwene, ndinu munthu woipa. Miyezi yonseyi "chimodzimodzi, chimodzimodzi," n'kumandisiya ndikukulalatirani za lole. Mukanandiuza. Munandilanda mpata wosankha ndekha.

Kuno kwafika Dinesh, mwana wamkulu wa a Harilali wobadwira ku India uja, kudzawatenga. Mukumukumbukira, ankakhala pakauntala. Atandipeza ndikusintha zofunda anafunsa Kanta kuti ndine yani, ngati sakundidziwa. Kanta anati, "Funsa bambo ako, tsopano amayankhula."

Anafunsadi, m'Chichewa, kuti ine ndimve. A Harilali anandiyang'ana. Maso awo anali a munthu wodziwa bwinobwino chimene akuchita. Anati, "Wantchito."

Dinesh anagwedeza mutu n'kutuluka. Kanta anamutsatira akumukalipira m'chinenero chawo. Tinatsala awiri. Ndipamene ananena motsitsa mawu kuti, "Ajira, madzi."

Amalidziwa dzina langa, amayi. Amalidziwa kuyambira kale. Miyezi yonseyi linali m'kamwa mwawo. Ndinatenga kapu, ndipo ndinkafuna kuwakhuthulira kumaso.  Ndinawakweza mutu n'kuwamwetsa. Munanena zoona, amafuna madzi.

Akwera ndege ya ku Mangalande Lachisanu, ndi Kanta yemwe. Kanta wandiuza kuti ndinyamuke lero lomwe, akuti ntchito yanga ili kwathu. Ndakana. Dinesh akangomva fungo amathawira panja kukasanza, ndipo Kanta yekha sangawanyamule. Ndimaliza masiku otsalawa. Musandifunse chifukwa chake, poti chodikira ndilibenso. Chimene ndaona n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndikamawasambitsa sinditcheranso khutu pakamwa pawo. Ndimangoona pamene pakufunika sopo. Nditamuuza Kanta anati, "Ndi zimene mkulu uja amanena." Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, chifukwa ine mtendere wa mkulu wakeyo sindikuumva. Ndikadali wokwiya. Kungoti manja apepuka.

Dzulo Dinesh wandipatsa kalata yondichitira umboni kuti ndine wantchito wokhulupirika, kuti ndikafunire ntchito kwa amwenye ena. Ndakolezera mbaula.

Ndifika Loweruka pa basi ya masana. Za Wadi musandibisire, ndiuzeni ndikangotsika.

Ajira

*

Kwa Mponda, Mangochi
18 Novembala 1979

Kanta chemwali wanga,

Moni kuchokera kunyanja. Kalata yako ndalandira. Pepa kwambiri za mnyamata uja. Munthu amene wakanika kudikira kuti umalize kudwazika akanakukanikanso pa zina, koma ndikudziwa kuti mawu amenewa sathandiza, poti nanenso anthu akundiuza omwewo. Wadi anakwatira mwezi watha. Ng'oma zake tinkazimva tili pakhomo. Ndinaphwanya mbale, ndinakukumbuka.

Ukuti bambo ako aakulu amafunsa kuti wantchito uja ali kuti. Uwauze chimene ukufuna. Chachikulu usaleke kuwatembenuza pafupipafupi, ndipo kumsana kuja uziwapaka mafuta, kuzizira kwa kumeneko kungawatsegule zilonda.

Amayi anagonekedwa m'chipatala milungu ingapo. Adokotala anadula mnofu wowola koma mwendo anausiya. Pano ali kunyumba, bala likutsekeka pang'onopang'ono. Obwera kudzawazonda ayambiranso kulowa, ndipo aliyense amayi amamuuza kuti, "Mwana wanga wamkazi atabwera ndipamene ndinayamba kuchira." Amanena Jaffalie ali pakhonde pomwepo ndi ukonde m'manja. Azimayiwo amandigwira chanza ine.

Tsiku lina zinandikwana. Ndinawayankha amayi pamaso pa alendo kuti akunama, ndipo kunali phokoso mpaka oyandikana nafe anabwera kudzaleretsa. Pambuyo pake Jaffalie anandikalipira ine, akuti ndachititsa manyazi mayi wodwala. Ndinayesa kumufotokozera zimene tinkamva kukachisi zija, kuti iye ndi amene wakhala akuzichita, ife tinkangosankha mpunga. Anaponya pansi singano ya ukonde n'kunena kuti, "Za Abaniyani usandibweretsere pano. Ukanafuna kuti awatsuke ndani, tcheyamani?"

Ndiye ndikufunse iwe, poti unamva zambiri kuposa ine. Munthu akamagwira ntchitoyo akutukwana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadikira kanthu, komanso osakondwa nayo ngakhale pang'ono, kwanu imawerengedwa? Ngati kumeneko kuli wina wodziwa, umufunse. Usandiyankhe zondisangalatsa.

Sabata yamawa Jaffalie akubwerera ku Malombe, eni bwato amulola. Ndiye dzulo m'mawa ndinati ndiyambe kumanga bala ndekha kuti amayi azolowere. Ndinawiritsa madzi, ndinaika mchere, ndinachita zonse mmene tinkachitira ku Limbe, mofatsa. Ndisanafike pakati anandikankha dzanja.

"Ukundipweteka. Muitane uja."

Ndinafunsa dala, "Uja ndani, amayi?"

Anayang'ana kukhoma. "Ukumudziwa."

Sindinachite kumuitana, anali atamva kale ali panja. Analowa akupukuta manja m'malaya, anagwada, anayamba kumasula zimene ndinamanga. Amayi anamuuza kuti akununkha nsomba. Iye anatukwana bandeji.

Undilembere msanga.

Ndine chemwali wako,
Ajira